Funso la Chisomo la pa Emperor's View

Eee, Chisomo, ndi amalume ako kuno ku Zomba. Funso lako ndaliona pa gulupu pano, koma kulemba pa foni kumandichedwetsa, ndiye ndingolankhula, umvetsere. Wafunsa kuti malo aja a pamwamba pa phiri amene amati Emperor's View, mfumu yake ndi iti, poti aphunzitsi akupatsani kuti mukafufuze kunyumba. Ndaonanso achimwene ako ayankha kuti ndi mfumu ya ku Mangalande. Ayi, pamenepo asokoneza malo awiri.

Pamwamba paja pali malo awiri oyandikana. Ena ndi Queen's View, amenewo ndiye a ku Mangalande, chifukwa anaimapo mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, dziko lino likadali Nyasaland. Amene wafunsawo ndi a Haile Selassie, mfumu yaikulu ya ku Ethiopia. Anabwera kuno mu 1965, patangopita chaka chimodzi tilandire ufulu, ndiye anakwera naye phiri kukamuonetsa dziko. Yankho la aphunzitsi ndi limenelo, ulembe: Haile Selassie, Ethiopia, 1965.

Koma usatseke kaye. Dzina limenelo analitenga pomuveka ufumu mu 1930. Asanalowe ufumu ankatchedwa Ras Tafari. Tafari ndilo dzina lake, Ras ndi udindo, m'chilankhulo chawo mawuwo amatanthauza mutu. Tatchula msangamsanga, Ras Tafari, Rastafari. Wamva? Marasta amene umawaona ndi tsitsi lopotapota aja, dzina lawo linachokera kwa munthu ameneyu. Chipembedzo chawo chinayambira ku Jamaica, kutali ndi Ethiopia, ndipo mwini wakeyo anali Mkhristu wa mpingo wa Orthodox. Atapita ku Jamaica mu Epulo 1966, khamu linadzaza bwalo la ndege mpaka anakhala kaye m'ndegemo osatha kutsika. Ineyo ndakumanapo nawo marasta akukwera msewu wa ku Ku Chawe ndi ng'oma ndi mbendera zawo, akupita kukapemphera pa malo omwe wafunsawo.

Tsopano pali chinthu chimene ndimafuna anthu a m'banja muno achidziwe, achemwali inunso mumvetsere. Mfumu imeneyi sinabwere kwa anthu achilendo. Dziko la Italy linalowa mu Ethiopia ndi nkhondo mu 1935, chaka chotsatira mfumuyo inathawira ku England, inakakhala mu mzinda wa Bath. Inabwerera ku Addis Ababa pa 5 Meyi 1941. Pakati pa asilikali amene anathamangitsa Ataliyana panali anyamata a kuno, a King's African Rifles, amene akuluakulu ankangoti akeyala. Amalume awo a amayi athu anapita kumeneko. Iwo sankati Ethiopia ayi, ankati Abisiniya. Ndimakumbukira ndili mwana, atakhala pakhonde madzulo, ankatiuza za kuzizira kwa m'mapiri a kumeneko, kuti kuzizira kwa ku Zomba n'kwa masewera. Ankanenanso za ludzu la m'chipululu asanafike kumapiriko, ndipo akafika pamenepo ankangoti zii, kuyang'ana pansi. Ife ana tinkafuna nkhani za mfuti, sitinadziwe kufunsa zoyenera kufunsa. Lero ndimamva chisoni kuti palibe amene anawalemba mawu awo. Nsanja ija ya njerwa zofiira imene umaiona ukamalowa m'tauni kuchokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks, ndi chikumbutso cha akeyala omwewo, makamaka amene anafa pa nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918. Ngakhale gule wa beni amene amavina anzathu Achiyao, ndi mayunifomu ndi mawezulo aja, anatengera perete wa asilikali. Dzina loti beni ndi mawu a Chingerezi otanthauza gulu loimba ndi malipenga, anangolipinda lilime.

Dikira pang'ono, ndisunthe, mphepo ikulowa mu foni. Eya.

Ethiopia yemweyo, Chisomo, ali ndi kalendala yakeyake. Chaka chawo chili ndi miyezi 13. Miyezi 12 ili ndi masiku 30 uliwonse, wotsirizawo ndi kamwezi ka masiku 5, nthawi zina 6. Chaka chatsopano amachiyamba mu Seputembala, ndipo amatsalira m'mbuyo mwathu ndi zaka 7 kapena 8. Ife tinakondwerera chaka cha 2000 kalekale, iwo anadzakondwerera ife tili mu 2007.

Ndiye panali msilikali wina wolondera mfumu yomweyi, dzina lake Abebe Bikila. Uyu ndimamukonda kwambiri. Mu 1960 anapita ku Rome ku masewera a Olimpiki, anathamanga mtunda wa makilomita 42 wopanda nsapato, phazi pansi, n'kupambana mendulo ya golide. Anali munthu wakuda woyamba wa mu Africa muno kutenga golide pa masewera amenewo. Taganiza, mu likulu la dziko lomwe linalanda kwawo zaka 25 m'mbuyomo. Njira yothamangamo inadutsanso pafupi ndi chipilala cha mwala chimene Ataliyana anachizula ku Axum, ku Ethiopia, n'kukachiimika ku Rome, chomwe anadzachibweza mu 2005. Mu 1964 anakapambananso ku Tokyo, ulendo umenewo atavala nsapato.

Poti ndatchula nsapato. Mawu amenewa si athu enieni, tinabwereka kwa Apwitikizi, iwo amati sapato. Anakhala zaka mazana ambiri ku Tete ndi ku Sena m'mbali mwa Zambezi, akuchita malonda ndi makolo athu, ndiye mawu ena anatsalira. Kapitawo ndi mawu awo. Mbatata ndi mawu awo, batata. Ndipo mbatata ya kachewere imene amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera phiri ija kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, n'chifukwa chake imakonda malo ozizira ngati kuno, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Chimanga nachonso n'chobwera, chinachokera ku Mexico. Makolo athu akale nsima yawo inali ya mapira ndi mawere. Alamu anga sakhulupirira zimenezi, tinakanganapo pa maliro ku Jali usiku wonse, koma ndi zoona.

Ndibwerere ku Ethiopia, pali khofi. Mtengo wa khofi wa mtundu wa arabika kwawo ndi m'nkhalango za kumeneko. Koma kuti ufike kuno unazungulira njira yaitali zedi. Anautenga m'munda wa zomera wa ku Edinburgh, ku Scotland, n'kubwera nawo ku mishoni ya Blantyre mu 1878. Mbewu ya mu Africa, kupita ku Ulaya, n'kubwereranso mu Africa pa sitima. Mzungu wina, John Buchanan, amene anabwera ngati wosamalira minda ya mishoni, ndiye anadzatsegula minda ya khofi kuno m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Khofi anali wofunika kwambiri masiku amenewo moti pa chizindikiro choyamba cha boma la atsamunda anajambulapo mtengo wa khofi, tiyi ndi fodya zisanatchuke. Buchanan yemweyo ndiye anamanga nyumba ija ya Masongola mu 1886, ya nsonga ziwiri pa denga, imene anadzakhalamo Harry Johnston pokhazikitsa boma mu 1891. Kuyambira pamenepo Zomba linali likulu mpaka 1975, pamene a Kamuzu anasamutsira likulu kwanu ku Lilongweko. Nyumba ya Malamulo yokha inatsalira kuno mpaka 1994. Ndipo taona, chaka chomwecho cha 1975 ndi chimenenso Haile Selassie anamwalira, asilikali atamulanda ufumu chaka cha m'mbuyo mwake.

Tsopano ukaima pa Emperor's View kukakhala kopanda nkhungu, umaona zimene mfumuyo inaona. Tauni yonse ili pansi pako, Chancellor, Matawale, Chinamwali. Kutsogolo uko chigwa cha Phalombe, kenako phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, palibe malo ena okwera kuposa pamenepo m'Malawi muno. Ukatembenukira kum'mawa ndi nyanja ya Chilwa, ndi chilumba cha Chisi chili pakati.

Chilwa ndi nyanja yodabwitsa, mwana wanga. Mitsinje imathiramo, Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere, ndipo ndi yosaya. Mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana, nyanja imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma. Ya 1995 ndinaiona ndi maso angawa. Tinapita ku Kachulu pa njinga, tinapeza mabwato atagona pa dothi long'ambikang'ambika, madzi osaoneka n'komwe, anthu akupita ku Chisi wapansi. Asodzi atakhala pa mabwato awo manja m'masaya. Mumsika wa Zomba matemba anasowa, ndiwo ya amphawi imene tinkaiyesa kuti singathe. Koma milamba imabisala m'matope ndi m'madambo a m'mitsinje, matemba nawonso amathawira kumitsinje, ndiye mvula itabwerera nyanja inadzadza, nsomba zinayambanso kugwidwa. Nyanjayi inalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbalame zake, zina zimauluka kuchokera ku Ulaya kuthawa chisanu. Ine chimandipweteka n'chakuti mitengo ya m'mapiri momwe mitsinje ija imachokera tikuitha ndi makala, dothi lonse likutsikira m'nyanjamo.

David Livingstone anafika pa nyanja yomweyi mu Epulo 1859, miyezi ingapo asanaone nyanja ya Malawi. Iyeyo anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland, ndiko kunachokera dzina la Blantyre wathuyu. Anafera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873. Mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo komweko, thupi analiumika, ndipo anyamata ake, otsogolera ali Chuma ndi Susi, analinyamula pa mapewa miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo kunyanja ya mchere, komwe linakwera sitima kukaikidwa m'manda ku London. Chuma anali Myao, anamupulumutsa ku ukapolo ali mnyamata m'dera lathu lomwe lino la kummwera. M'mabuku a sukulu amangomutchula mzere umodzi, koma popanda iye ndi anzake aja manda a ku London aja sakanakhalako.

Aaa, ndaona mphindi zachuluka, mayi ako adandaula za bandulo. Kwa aphunzitsi upereke zitatu zija, dzina, dziko ndi chaka. Akafunsa za Queen's View, ndakuuza kale. Achemwali, mwanayu mumutumize kuno pa holide, koma isakhale ya Disembala, nthawi imeneyo phiri limafunda nkhungu ndipo njira yopita ku malo aja imaterera. Abwere ya mu Ogasiti, tidzanyamuke m'mamawa dzuwa lisanakwere, tikadutsire pa damu la Mulunguzi. Adzatenge juzi yokhuthala ndi nsapato zoyendera, osati zija anabwera nazo pa ukwati. Mupereke moni kwa alamu.