Mbiri ya bambo musailembe nokha patebulo

Achemwali, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Mwati abale akusankhani kuti mudzawerenge mbiri yawo tsiku lovundukula chiliza ku manda a HHI mwezi wamawa, koma zomwe mwalemba zangokwana theka la pepala: tsiku lobadwa, sukulu, ukwati, ana ndi zidzukulu. Mwatinso anali munthu wolimbikira ntchito ndi wopatsa, koma mukalemba choncho zikumveka ngati mukunena munthu wina aliyense.

Mukunena zoona. Maliro alionse mu Blantyre muno timamva kuti malemu anali wolimbikira ndi wokonda anthu, mpaka makutu anazolowera. Ine langizo langa ndi lakuti mutseke kaye kopelo, muyende. Munthu wopatsa weniweni sauza ana ake zimene wapereka, nthawi zina ngakhale mkazi wake sadziwa. Zimene mukuzisowazo zili m'kamwa mwa anthu ena.

Ndikunena izi chifukwa cha malume anga. Anali telala wa pakhonde ku Limbe. Ali mnyamata anapita ku Joni kudzera ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa maulendo a Wenela. Malume anabwera kumudzi ndi makina a Singer opalasa ndi phazi. Anapempha malo pakhonde la sitolo ina, ndipo pamenepo ndi pomwe anakalambira. Ankachoka ku Bangwe wapansi kusanache, kukafika sitolo isanatsegulidwe, n'kudikira kuti atulutse makina omwe ankasungitsa m'katimo usiku. Ndikawakumbuka ndimaona tepi m'khosi, mapini pakamwa, choko m'thumba la shati, ndi chala chachikulu cha kumanja chomwe khungu lake linauma gwa pamene pankakhala sizasi. Ukawalankhula akusoka ankayankha ndi mutu, phazi osaima.

Atamwalira tinapeza makope m'kabati. Tsamba lililonse linali ndi dzina la munthu, muyezo wa m'chiuno, kutalika, ndi mtengo. Mayina ambiri anali odulidwa ndi mzere, ena anali ndi kamtanda kumapeto. Ife tinkaganiza kuti kamtandako ndi ngongole zoti tikatolere. Azakhali, akazi awo, anatiuza kuti tikafunse kaye mayi wina wamasiye wa m'dera lomwelo amene dzina lake linkabwera chaka ndi chaka. Mayiyo atationa anayamba kulira. Ana awo onse anaphunzira ndi yunifolomu zosokedwa ndi malume, ndipo akapita ndi ndalama ankauzidwa kuti akagulire ana makope. Kamtandako kankatanthauza kuti nkhani yatha, asadzafunsidwe. Tinapezanso mphunzitsi wina amene anavala buluku la malume tsiku lake loyamba kuntchito, ndi mayi wa Mvano amene anasokeredwa bulauzi yoyera mwamuna wake ali gone kuchipatala. Anthu amati kupatsa n'kuika, koma ambiri mwa anthu amenewa malume ankadziwa bwino kuti sadzabweza.

Tsono inu mupite kumene bambo ankagwira ntchito, kwa anzawo a kumlaga kapena kumphakati, kwa anansi akale, ndi kumudzi kwawo. Musafunse kuti "bambo anali munthu wotani", chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. Funsani kuti anadziwana nawo bwanji, ndi tsiku liti limene saliiwala. Funsaninso za nthawi zovuta. Njala ya 2002, pamene anthu ankalimbirana madeya kuchigayo ndipo kumidzi ena ankadya zitsa za nthochi, ndani ankadya pakhomo panu? Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja mu Marichi 2023, bambo anachita chiyani? Muzijambula mawu awo pafoni, atakulolani. Ndipo musanatchule munthu dzina pagulu, mumupemphe. Ena amachita manyazi kuti anthu adziwe kuti anathandizidwa, ndipo manyaziwo ndi oyenera kuwalemekeza.

Pali chinthu china chimene mbiri zambiri zimasiya, ndipo ine chimandipweteka. Kupatsa kwa bambo amakusenza ndi mayi. Nyumba ya malume inali ya zipinda ziwiri, koma simunkasowa mlendo: ana a achibale ochokera ku Thyolo odzaphunzira sekondale, odwala odikira tsiku lawo ku Queens, wofuna ntchito m'tauni amene anati akhala sabata imodzi. Amene ankayeza ufa kuti ukwane onsewo anali azakhali. Kaunjika atadzaza m'misika m'zaka za m'ma 1990, anthu anasiya kusoketsa, malume n'kutsala ndi ntchito yochepetsa zovala, kuika zipi ndi zigamba. Ndalama inachepa koma alendo sanachepe. Azakhali anayamba kudzuka usiku kukazinga mandasi, ndipo panali masiku amene ankakangana chifukwa malume apereka ndalama ya makala kwa munthu wodutsa. Ngati mayi anu ali moyo, akhale oyamba kuwafunsa, ndipo dzina lawo limveke m'mbirimo pambali pa la bambo.

Musawasandutse mngelo. Malume anali aukali pa nkhani ya nthawi, mwana wochedwa ankamva mawu mpaka kwa aneba. Titanena zimenezi kumanda anthu anaseka misozi ili m'maso, chifukwa anamuzindikira munthu wawo.

Pa tsikulo nthawi imakhala yochepa, pali abusa, amfumu ndi oyankhula a mbali zonse ziwiri, dzuwanso likuswa mtengo. Masiku ndi zaka muzitchule mwachidule, kenako nkhani ziwiri kapena zitatu zimene zakukhudzani kwambiri. Zotsalazo muzilembe m'kope lina la zidzukulu. Mukamaliza kulemba muwaonetse mayi ndi eni mbumba kusanafike tsikulo, kuti pasadzakhale wodabwa kapena wokhumudwa pagulu. Mulembe ndi zilembo zikuluzikulu papepala, osadalira foni, ndipo mchimwene kapena mchemwali wanu adzaime pambali panu ali ndi pepala lakelake, kuti mawu akakutsamwani iye apitirize pomwe mwalekezera.