Si ragibe, ndipo mayiyo ndi Erin Phillips

Achemwali, mwafunsa za kavidiyo kaja ka azimayi akulimbirana mpira wooneka ngati dzira, kuti ndi ragibe kapena chani, komanso kuti wovala nambala 13 yemwe akumutulutsa pa machira sitediyamu yonse itaimirira uja ndi ndani. Ena ayankha kuti ragibe koma ayi ndithu, ndi mpira wa ku Australia konko, eni ake amangoti footy. Bwalo lake nalo ndi la dzira, mapolo anayi mbali iliyonse, ukamenya ndi mwendo nkudutsitsa pakati pa mapolo awiri aatali aja ndi mapointi 6, ukadutsa cham'mbali ndi pointi imodzi. Kuponya ngati pa ntchemberembaye nkoletsedwa, mnzako umamupatsira pougunda ndi chibakera.

Koma ine chandilembetsa ndi mayiyo. Dzina lake Erin Phillips, anabadwa 1985, mwana wa Greg Phillips yemwe anatenga makapu 8 ndi timu ya Port Adelaide, ndiye mwana wakula mpirawu uli m'nyumba, akusewera ndi anyamata nkumawaposa. Atakwana zaka 13 njira inathera pompo, panalibe koti mtsikana apitirire nawo, osati chifukwa luso linachepa ayi. Apa mpamene pamandipweteka ine. Anangotola basketball, ndipo kumenekonso anafika patali zedi, golide ya dziko lonse 2006 ndi timu ya Australia, siliva ku Olympics ya Beijing 2008, kenako makapu awiri a WNBA, ligi ya basketball ya azimayi ku America, 2012 ndi Indiana Fever, 2014 ndi Phoenix Mercury. Wina akanati basi zakwana ndikapume.

Ligi ya azimayi ya AFLW itayamba 2017 ndi matimu 8 okha, iyeyu anali ndi zaka 31, adakali pa kontirakiti ya basketball ku Dallas Wings, kutanthauza kuti akanavulala ntchito yomudyetsa ija ikanasokonekera, pomwe ligi yatsopanoyi inali ya magemu 7 basi ndalama zakenso zochepa moti osewera ambiri ankagwira ntchito zina masana. Anabwererabe. Ndiye taonani, Port Adelaide ya bambo ake inalibe timu ya azimayi nthawi imeneyo, anakalowa Adelaide Crows, adani awo a mumzinda omwewo, zili ngati mwana wa katswiri wa Bullets kukavala yunifomu ya Wanderers. Sizoni yoyamba yomweyo, munthu woti watha zaka pafupifupi 18 osasewera mpirawu mu ligi, anatenga kapu atagonjetsa Brisbane Lions 35 kwa 29, iye nkusankhidwa wosewera bwino pa fainoloyo komanso mu ligi yonse. Ukaputeni ankagawana ndi Chelsea Randall.

Kavidiyo kanuko ndi ka fainolo ya 2019 pa Adelaide Oval, akusewera ndi Carlton. Kunalowa anthu 53,034, mpira wa azimayi omwe ena ankaunyoza kuti palibe angakaonere. Crows inali patsogolo kwambiri, inapambana 63 kwa 18, koma m'chigawo chachitatu bondo la Erin linapindika, mtsempha uja amati ACL nkuduka. Chomwe mwaona anthu ataimirira, osewera a Carlton omwe kubwera kudzamugwira dzanja, nchifukwa aliyense ankadziwa kuti uyu ali ndi zaka 33 ndipo mwina ndi komaliza kumuona m'bwalo. Gemu sanaimalize koma mendulo ya wosewera bwino anamupatsabe iyeyo, komanso ya ligi yonse kachiwiri. Ine ndikaonera pamenepo misozi imalengeza mpaka lero, ndimaganiza kuti zaka zija za 20, 25, thupi lili pachimake, akanachita zotani khomo likanakhala lotsegula.

Bondo linapola, anabwerera, 2022 anatenga kapu yachitatu atagonjetsa Melbourne. Chaka chomwecho ligi inakula kufika matimu 18, Port Adelaide nayo inalowa, ndipo iye anasiya timu yomwe ikuwina nkupita kwawo kukakhala kaputeni woyamba wa timu ya azimayi, atavala nambala 1 yomwe ku Port amavala kaputeni, udindo omwe bambo ake anakhalaponso. Kunena zoona kumeneko sanawine zambiri, timu inali yongoyamba kumene ndipo miyendo inali itayamba kulemera, koma kwa ine masizoni awiri amenewo ndimawawerengera kuposa makapu aja, poti ndi jezi yomwe ankailota ali kamtsikana. Anapuma kumapeto kwa 2023 ali ndi zaka 38.

Mu 2025 analowetsedwa mu Australian Football Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a mpirawu, limodzi ndi Daisy Pearce wa ku Melbourne, ndipo anakapezamo bambo ake omwe analowa kale. Mukapeza bandulo sakani fainolo ya 2019 ija pa YouTube muonere kuyambira pachiyambi, musangoona pa machira pokha, muone mmene ankaulumphira mpira m'mwamba asanavulale.