Mafunso anu pa netiweki: firewall yodikira ikamakanika kufika pa intaneti

Makalata anayi a mwezi uno akudandaula za chinthu chimodzi, ngakhale gwero la vuto likusiyana. Onse ali ndi ma firewall awiri (makina otchinjiriza netiweki) olumikizana ndi CARP, njira yoti makina awiri azilandirana adiresi imodzi: ina yogwira ntchito (MASTER), ina yodikira (BACKUP) kuti inzake ikagwa itenge katundu. Tayankha motsatira pulogalamu ya firewall yotchedwa pfSense chifukwa ndi imene ofunsa akugwiritsa ntchito, koma ogwiritsa ntchito inzake ya OPNsense apeza kuti zambiri n'zofanana, mayina a mamenyu okha ndiwo asiyana.

Funso: Akatswiri, ku ofesi kwathu firewall yaikulu ikuyenda bwino ndipo antchito onse ali pa intaneti. Tikaizimitsa, yachiwiri imatenga ntchito popanda vuto. Koma yachiwiriyo ikabwerera pa BACKUP siyitha kuona ngati kuli update, ndipo ping yopita ku 8.8.8.8 siyiyankhidwa. Kampani ya intaneti inatipatsa /29. Tiyambire pati? *Woyang'anira makompyuta, Blantyre*

Yankho: Theka la yankho mwalinena kale nokha. Makina amene amafika pa intaneti akakhala MASTER n'kumakanika akakhala BACKUP nthawi zambiri alibe vuto la chingwe kapena la kadi ya netiweki. Kawirikawiri amakhala akutuluka panja ndi adiresi imene si yawo, ndipo pokayang'ana poyamba ndi pa outbound NAT, malamulo osankha adiresi imene mapaketi amatuluka nayo.

Tiyeni tiwerenge ma adiresi. Mu /29 muli asanu ndi atatu, ogwiritsika ndi asanu ndi limodzi. Tiyerekeze kuti munapatsidwa 203.0.113.8/29. Gateway ya kampani, khomo lotulukira ku intaneti, ndi .9, firewall yaikulu ili ndi .10, yachiwiri ili ndi .11, ndipo .12 ndi adiresi ya CARP. Ya .10 ndi ya .11 sizisuntha. Ya .12 ili ngati mpando wa mfumu: ulipo umodzi ndipo amakhalapo mmodzi pa nthawi. Ili ndi MAC adiresi yakeyake yoyamba ndi 00:00:5e:00:01, nambala yomaliza ikhala VHID, nambala ya gulu la CARP imene munasankha. MASTER imalengeza pa sekondi iliyonse kuti ilipo, ndipo switch imaphunzira kuti MAC imeneyo ili pa doko la MASTER. Kulengezako kukasiya kwa masekondi pafupifupi atatu, yodikira imakhala pampandopo.

Pokhazikitsa ma firewall awiri, malangizo amati musinthe outbound NAT kuti makompyuta a mu LAN, netiweki ya mkati, azituluka ndi adiresi ya CARP. Zimenezo n'zoona, chifukwa ndi zimene zimachititsa kuti kulumikizana kusaduke yaikulu ikagwa. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa bokosi la Source. Ena amalembapo any kuti athane nazo msanga, ena amasintha malamulo onse ndi a 127.0.0.0/8 omwe, amene ndi a mapaketi a firewall yeniyeniyo. Lamulo la any silisankha: limagwira ndi mapaketi a firewall yeniyeniyo. Kenako XMLRPC, imene imachita sync ya makonzedwe kuchokera ku yaikulu, imakopera lamulolo ku yachiwiri. Tsopano yachiwiri ikatumiza ping, paketi imatuluka italembedwa kuti yachokera ku .12. Yankho likamabwera, gateway imalitumiza kwa mwini .12, amene panthawiyo ndi yaikulu. Yofunsa imangodikira yankho limene lakagwera pakhomo lina.

Musasinthe kanthu musanaone ndi maso. Pa firewall yachiwiri tsegulani shell, malo olembapo zoti makina achite, kawiri. Pa shell yoyamba lembani tcpdump -ni igb0 icmp, m'malo mwa igb0 muike dzina la kadi yanu ya WAN, yoloza ku intaneti. Pa inayo lembani ping -c 3 8.8.8.8. Amene sakonda shell angagwiritse ntchito Packet Capture pansi pa Diagnostics. Yang'anani adiresi ya kumanzere pa mzere wa echo request. Mukaona .12, mwapeza vuto. Mukalemba pfctl -s nat muona malamulo a NAT monga mmene makina akuwawerengera, kuchokera pamwamba kutsika, ndipo loyamba kugwirizana ndi paketi ndilo limagwira ntchito.

Kukonza kuchitike pa yaikulu, osati pa yachiwiri, chifukwa zimene mungasinthe pa yachiwiri zidzafufutidwa pa sync yotsatira. Chotsani lamulo la any. Netiweki iliyonse ya mkati ikhale ndi lamulo lake, mwachitsanzo 192.168.10.0/24 kutuluka ndi adiresi ya CARP. Malamulo a 127.0.0.0/8 abwezereni pa Interface Address, chifukwa mawu amenewo makina aliwonse amawamasulira kukhala adiresi yawoyawo, .10 pa yaikulu ndi .11 pa yachiwiri. Ngati ping ikukanabe, mwina state yakale, chikumbutso cha kulumikizana kwam'mbuyo, ikadalipo. Chotsani yokhayo pa Diagnostics, States. Tikukupemphani kuti musadine Reset States masana anthu ali pa ntchito, chifukwa pfsync imagawana ma state pakati pa makina awiriwa ndipo mungadule ofesi yonse.

Nanga tcpdump ikaonetsa .11 koma yankho osabwera? Pamenepo NAT ilibe mlandu. Kumbukirani kuti XMLRPC siyikopera makonzedwe a ma interface. Adiresi, mask ndi upstream gateway ya WAN munazilemba ndi manja pa yachiwiri, ndipo dzanja limalakwitsa. Onani ngati mask ndi /29 osati /32 kapena /30. Lembani netstat -rn muone ngati pali mzere wa default woloza ku .9. Lembani arp -an muone ngati .9 ili ndi MAC adiresi. Ngati ilibe, vuto lili pa chingwe, pa VLAN kapena pa doko la switch. Ngati ili nayo koma kunja sikuyankha, imbirani kampani muifunse ngati .11 ndi yotsegulidwa ndiponso ngati sinapatsidwe kwa chipangizo china.

Ena amati zilibe kanthu popeza failover, kulandirana ntchito kuja, ikugwira. Ife sitivomereza. Firewall yosafika pa intaneti siyilandira update, siyikonza wotchi yake ndi NTP, ndipo mindandanda ndi malamulo a mapulogalamu achitetezo monga pfBlockerNG ndi Suricata amakalamba ali momwemo. Komanso njira yoyenera yokwezera version imayambira pa yachiwiri: mumaikweza, mumaika yaikulu pa Persistent CARP Maintenance Mode, mumayesa, kenako mumakweza yaikulu. Yachiwiri ikakhala yosafika kunja, ndondomeko yonseyi imaima pa sitepe yoyamba.

Funso: Zikomo akatswiri. Ife kampani inatipatsa adiresi imodzi yokha ya public. Tinaiika pa CARP, ndipo pa WAN ya makina awiriwo tinalemba ma adiresi a private. Yodikira ilibe intaneti. Kodi pali chimene tinaiwala? *Wowerenga, Mzuzu*

Yankho: Palibe chimene munaiwala, makina akuchita zimene munawauza. Adiresi yokhayo imene dziko lakunja limaidziwa ili m'manja mwa MASTER, ndiye yodikira ilibe dzina loti ituluke nalo. Kuti makina onse awiri azifika kunja, pamafunika ma adiresi atatu a netiweki imodzi pa WAN: imodzi ya CARP ndi imodzi ya makina aliwonse. Mu /30 ogwiritsika ndi awiri, ndipo imodzi ndi ya gateway ya kampani, choncho siyikwana. WAN yolandira adiresi ndi DHCP kapena PPPoE nayonso siyiyenda ndi CARP mwachindunji.

Njira yowongoka ndi kupempha /29. Idzakuwonjezerani ndalama pamwezi, poti ma adiresi a IPv4 akusowa, koma ngati ntchito yanu inali yofunika mpaka kugula makina awiri, yambani mwafunsa mtengo wake.

Ikakanika imeneyo, lolani rauta ya kampani igwire adiresi ya public ndi kuchita NAT, ndipo pakati pa rauta ndi ma firewall pakhale netiweki ya private. Mwachitsanzo rauta ikhale 192.168.100.1, yaikulu .2, yachiwiri .3, CARP .4. Ma adiresi atatuwa akhale kunja kwa gawo limene DHCP ya rauta imagawa. Pa rauta, lozani DMZ kapena port forwarding ku .4 kuti zochokera kunja zizifikira kumeneko. Makina onse awiri atuluka kudzera pa rauta, aliwonse ndi adiresi yawo. Njira yomweyi ndi imene imathandiza a rauta za LTE ndi ena onse amene ali kuseri kwa CGNAT (NAT yochitikira ku kampani ya intaneti), amene amadziwika ndi adiresi ya WAN ya mu 100.64.0.0/10, kungoti iwo sangalandire kulumikizana kochokera kunja.

Dziwani mtengo wa njirayi. NAT ikuchitika kawiri, choncho VPN ya IPsec iyenera kuyenda ndi NAT-T pa UDP 4500, ndipo mafoni a VoIP angafune kusamalidwa mwapadera. Rauta ikafa, makina onse awiri ali mumdima, ndiye ikhale pa UPS imodzimodzi ndi ma firewall, makamaka kuno kumene magetsi amazima mosachenjeza. Tikulangizanso kuti musadalire madoko a kumbuyo kwa rauta. Ena saloleza multicast imene CARP imagwiritsa ntchito, ya protocol 112 yopita ku 224.0.0.18, ndipo zikatero makina onse awiri amadziyesa MASTER. Ikani switch yanu pakati, chingwe chimodzi chipite ku rauta.

Pali njira yachitatu imene mudzaimva kwa anzanu: kusiya zinthu mmene zilili n'kupatsa yodikira gateway ya ku LAN kuti izidutsira pa yaikulu. Imatheka, koma makinawo ayenera kusintha default gateway okha nthawi iliyonse imene asintha udindo, ndipo ma gateway amene mwakopera ndi sync angachititse yaikulu kuloza kwa iyo yokha. Vutolo limaonekera tsiku la failover yeniyeni, pamene palibe nthawi yofufuza. Pa ofesi yodalira intaneti sitingakulangizeni.

Funso: Kwathu ping ya 8.8.8.8 ikuyankhidwa pa yodikira, koma update ikuti siyikupeza seva. Tinakonza kale NAT. *Mphunzitsi wa makompyuta, Zomba*

Yankho: Msewu ndi wotseguka, chatsala ndi mayina a ma seva (DNS) kapena nthawi. Yesani dzina lililonse pa Diagnostics, DNS Lookup. Likakanika, pitani pa Services, DNS Resolver muone Outgoing Network Interfaces. Ngati munasankha adiresi ya CARP yokha, Unbound (pulogalamu ya DNS Resolver) ya pa yodikira ikuyesa kufunsa ndi adiresi imene panopa siyili m'manja mwake. Sankhani WAN yeniyeni kapena All, musinthire pa yaikulu. Onaninso ma seva a DNS pa General Setup ya yachiwiri, chifukwa tsamba limenelo silikoperedwa. Ngati munalembapo seva ya kulikulu imene imafikika pa VPN yokha, yodikira siyingaifike, popeza tunnel imakhala pa MASTER.

Mayina akamapezeka koma update ikukanabe, lembani date mu shell. Makina amene akhala nthawi yaitali opanda NTP, kapena amene batire lawo la CR2032 latha, amadzuka ndi tsiku lolakwika magetsi akabwerera. Tsiku likalakwika, satifiketi ya seva imaoneka ngati yatha kapena sinayambe, ndipo HTTPS imakana. DNSSEC, yotsimikizira mayankho a DNS, nayo imakana mayankho pa chifukwa chomwecho, ndiye pamakhala mfundo yomangika: NTP ikufuna dzina la seva, DNS ikufuna nthawi yolondola. Konzani tsiku ndi manja kamodzi, yambitsaninso Unbound ndi NTP, ndipo sinthani batire.

Funso: Ndikalowa ndi OpenVPN ndili kunyumba, tsamba la yaikulu limatseguka koma la yodikira ayi. Ndikakhala mu ofesi onse awiri amatseguka. *Wowerenga, Lusaka*

Yankho: Paketi yanu imafika, yankho ndilo limasochera. Tinene kuti VPN imagawa 10.8.0.0/24, LAN ya yaikulu ndi 192.168.10.2 ndipo ya yachiwiri ndi 192.168.10.3. Paketi imalowa pa MASTER n'kuwolokera kwa yodikira kudzera pa LAN, ikadali ndi adiresi ya 10.8.0.x. Yodikira siyidziwa kuti yankho liyenera kubwerera kwa inzake. Imaliponya ku tunnel yake imene muli zii, kapena ku WAN.

Mankhwala ake ndi lamulo limodzi la outbound NAT pa interface ya LAN. Pangani alias (mndandanda wa ma adiresi wokhala ndi dzina) yokhala ndi .2 ndi .3. Source ikhale 10.8.0.0/24, Destination ikhale alias imeneyo, Translation ikhale Interface Address, osati CARP. Yodikira idzaona ngati akuilankhula ndi mnzake wa pa LAN yomweyo ndipo idzayankha molunjika. Muike ma adiresi onse awiri mu alias kuti lamulolo ligwirebe ntchito maudindo akasinthana. Mu log ya yodikira kulowa kwanu kudzaoneka ngati kwachokera ku .2, choncho aliyense woyang'anira akhale ndi akaunti yakeyake kuti muzidziwa amene analowa.