Mafunso anu pa zoimba: noti yapamwamba ija analembadi ndi Verdi?

FUNSO: Amalume, ine ndimaimba tena mu kwaya ya kumpingo kwathu ndipo masiku ano ndagwa m'chikondi ndi opera, ndimaonera pa YouTube bandulo ikalola. Nde ndamva kuti ku Italy anthu anakuwiza tena wina chifukwa choti anaimba ndendende zomwe zinalembedwa m'buku, osaonjezera noti yapamwamba. Zoona zimenezi? Kwathu kuno ukangoonjezera kako kamene kulibe pa pepala akwayamasitala amaimitsa nyimbo pompo. Ndine wa tena, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, nzoona ndithu. Zinachitika pa 7 December 2000 ku La Scala, holo yotchuka ya opera mumzinda wa Milan, tsiku lotsegulira nyengo ya opera kumeneko. Ankaonetsa Il trovatore ya Giuseppe Verdi, wotsogolera oimba anali Riccardo Muti ndipo tena anali Salvatore Licitra, mnyamata yemwe nthawi imeneyo dzina lake linali litangoyamba kumveka. Mu sewero limeneli muli nyimbo yotchedwa Di quella pira. Manrico ali pafupi kumanga ukwati ndi Leonora, basi kukubwera uthenga woti mayi ake Azucena agwidwa ndipo adani akolezera kale moto woti awawotche, nde iye akusolola lupanga kuitana asilikali ake kuti tiyeni tikawapulumutse. Kwa zaka zoposa 100 ma tena akhala akumaliza nyimbo imeneyi ndi C wapamwamba, uja amati do di petto, C wa m'chifuwa, ndikumugwira mpaka holo yonse kunjenjemera. Inu a solfa, ngati kiyi ndi C, noti imeneyi ndi doh wa pamwamba pa doh uja mumamufika kale movutikira. Koma m'buku lomwe Verdi analemba pomwe seweroli linkaonetsedwa koyamba ku Rome mu 1853, C ameneyu mulibemo. Muti ndi munthu wa come scritto, kuimba monga zinalembedwera, nde anauza Licitra kuti C asamukhudze. Anthu a ku loggione, mipando yotchipa ya pamwamba penipeni komwe kumakhala akatswiri omvera aja amene nyimbo iliyonse amaidziwa pamtima, anakuwa kwambiri, ndipo ambiri mkwiyo wawo unali pa Muti osati pa mnyamatayo.

Amene anayambitsa C ameneyu anthu ambiri amatchula Enrico Tamberlik, tena wa nthawi ya Verdi yemweyo, ndipo nkhani yomwe imakambidwa ndi yoti anakapempha kaye kwa mwini nyimbo ndipo Verdi sanakanize bola notiyo ituluke bwino.

Maganizo anga ndi awa. Ine C ameneyu ndimamukonda pamalo pamenepa chifukwa akugwirizana ndi zomwe zikuchitika, munthu amene mayi ake akuwotchedwa sangamalize mawu ake mofatsa ngati akupereka malonje. Koma Muti sanali wamisala ayi, taonani mtengo umene nyimbo imalipira kuti C ameneyu apezeke. Mukadzaoneranso vidiyo yang'anitsitsani tena kumapeto kuja pomwe kwaya ya asilikali ikuimba all'armi, all'armi. M'buku Manrico amayenera kuimba nawo limodzi, koma ambiri mudzaona atseka pakamwa, ena atembenukira kumbuyo ngati akulamula asilikali pomwe akumeza malovu ndi kukoka mpweya, kudikira noti imodzi ija. Nyimboyo inalembedwa kuti iimbidwe kawiri, ambiri amadula kachiwiriko. Ndiye pali chinanso chimene sanena mokweza, kawirikawiri amatsitsa nyimbo yonse ndi theka la toni moti chimene anthu akuombera m'manja kuti C chimakhala B. Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nyimbo imene Manrico amaimba Di quella pira isanafike, Ah sì, ben mio, yachikondi, yodekha, momwe Verdi analembamo ndi dzanja lake ma trill, kunjenjemeretsa mawu mwachangu pakati pa manoti awiri oyandikana. Ma tena ambiri ma trill amenewo amangowadumpha, palibe amawakuwiza. Kuonjezera zomwe sizinalembedwe uku ukusiya zomwe zinalembedwa, pamenepo ndi pomwe ine ndimasiyana nawo a ku loggione. Tena amene waimba zonse zili pa pepala kenako nkuikapo C wake, ameneyo ndimuombera m'manja nditaimirira.

FUNSO: Zikomo amalume chifukwa cha tsamba lino. Ine ndimakhala ku Joni ndipo ndimamutsata kwambiri Pretty Yende. Ndamvera Lucia di Lammermoor yake kenako ndamvera ya Joan Sutherland ndi ya Maria Callas, pa chigawo chamisala chija aliyense akuimba zosiyana ndi mnzake makamaka pomwe akutsatizana ndi chitoliro. Nde wolondola ndi ndani? Ndine mayi wa ku Turffontein, Johannesburg.

YANKHO: Chemwali, onse atatu akulondola, chifukwa kachigawo ka chitoliro kameneko Gaetano Donizetti sanakalembe. Lucia inaonetsedwa koyamba ku Naples mu 1835 ndipo pamalo pamenepo, pomwe Lucia wachita misala, Donizetti anangosiya kanjira kafupi kuti woimba adziikire zake. Kupikisana kwakutali ndi chitoliro kuja kunabwera patapita zaka zambiri, ofufuza amakulumikiza ndi Nellie Melba pomwe ankaimba Lucia ku Paris mu 1889 ndi mphunzitsi wake Mathilde Marchesi. E flat wapamwamba amene ma sopulano amatsekera chigawochi nayenso ndi woonjezera. Nde Yende, amene anaimba Lucia ku Paris mu 2016, akasintha kena kake pamenepo sakuphwanya lamulo lililonse, akuchita zomwe mtundu wa nyimbo umenewu umafuna.

Nkhani yagona poti opera si chinthu chimodzi, nyengo iliyonse inali ndi kaimbidwe kake. Nthawi ya Handel, cha m'ma 1720 ku London, aria, nyimbo ya woimba mmodzi, inkakhala ndi magawo atatu, loyamba, lachiwiri, kenako kubwerera ku loyamba lija, ndipo pobwererapo woimba ankayenera kukometsera ndi zake. Kubwereza chimodzimodzi kunali kuonetsa kuti sukulu yako ndi yoperewera. Kubwera kwa Rossini, Bellini ndi Donizetti, nyengo ija timati bel canto, ufulu unalipobe koma olemba anayamba kulemba okha zokometsera zambiri kuti oimba asapitirire muyeso. Pali nkhani yotchuka ya Adelina Patti ali mtsikana, akuti anaimbira Rossini nyimbo ya mu Il barbiere di Siviglia atayikongoletsa kwambiri moti mkuluyo atayamika anafunsa kuti kodi nyimboyi analemba ndani. Tikafika kwa Verdi wa ku ukalamba, kwa Puccini, makamaka kwa Wagner, orchestra yakula ndipo ikunena nawo nkhani, mawu a woimba ndi ulusi umodzi chabe mwa ambiri, nde malo oti uikepo zako amachepa kwambiri. Mu Wagner mokha ndiye palibe amayerekeza.

Ngakhale kamvekedwe ka noti yapamwambayo kanasintha. Ma tena a nthawi ya Rossini akakwera pamwamba ankalowa m'mawu a m'mutu, opepuka, otsetsereka bwino. Gilbert Duprez ndi amene anatchuka ndi kukwera mpaka C ndi mphamvu ya m'chifuwa, mu Guillaume Tell ya Rossini ku Lucca mu 1831 kenako ku Paris mu 1837. Anthu anapenga naye, koma Rossini mwini wake akuti sanakondwe, anati zikumveka ngati tambala wofula akuzingidwa. Adolphe Nourrit, amene anali tena wamkulu wa Paris mwa kaimbidwe kakale, anachoka kupita ku Italy kukayesa kusintha mawu ake, zinthu sizinamuyendere ndipo anadzipha ku Naples mu 1839. Nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikamva anthu akuyeza woimba ndi noti imodzi basi. Ngati mukufuna kumva kaimbidwe kopepuka kaja kali moyo lero, fufuzani Juan Diego Flórez, Lawrence Brownlee, kapena wa konko ku South Africa Levy Sekgapane amene anapambana mpikisano wa Operalia mu 2017, kenako mumvere Franco Corelli kapena Mario Del Monaco muone kusiyana kwake. Onsewo ndi ma tena koma simungawapatse ntchito imodzi.

FUNSO: Ine ndine kwayamasitala ndipo ndili ndi sopulano wina mawu ake ndi mphatso zedi koma pa mapeto pa nyimbo amangokwera yekha osandiuza, pa pulakatisi sachita, amadikira tsiku la anthu. Ndikamulankhula akuti a opera amatero. Kodi kumeneko kulibe mwambo? Ndine wanu, Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Akulu, mwambo ulipo ndipo ndi wolimba kuposa momwe mwana wanuyo akuganizira. Noti yoonjezera imakambidwa pa pulakatisi, wotsogolera avomere, oimba anzako adziwe, ndipo amalemba ndi pensulo m'mabuku a oimba zida kuti apa tidikira. Chifukwa chake nchoonekeratu, tena akagwira noti yaitali wotsogolera amayenera kuimitsa dzanja m'mwamba, anthu 70 kapena 80 a mu orchestra maso ali pa iye, ndipo amatsitsa dzanjalo pomwe wamva kuti mpweya wa woimba ukutha. Ngati sanauzidwe, orchestra ipitirira ndipo woimbayo atsala yekha pa noti yomwe sikugwirizananso ndi kodi (chord), manoti olira pamodzi aja, imene ikulira pansi.

Pa nyimbo ya awiri ndiye nkhani imakula. Zili ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi, wina akangosintha kaponyedwe osamuuza mnzake misi imagundana. Tengani La bohème ya Puccini ya 1896, kumapeto kwa gawo loyamba Mimì ndi Rodolfo akutuluka pa siteji akuimba amor, amor. Puccini anapereka C wapamwamba kwa sopulano yekha, tena anamulembera E wa pansi kuti mawu awiriwo apange kodi yofewa ikuzilala kutali. Ma tena ambiri amakwera nawo pa C. Akagwirizana kuti tikwera tonse ndipo tisiya limodzi palibe vuto kwenikweni, ngakhale ine ndimakonda momwe Puccini analembera chifukwa kukoma kwa kodi ija kumatayika onse akakhala pa noti imodzi. Choipa ndi pomwe wina akupitiriza kugwira mnzake atasiya kale, kuti anthu aone amene ali ndi mapapo aakulu. Kumeneko amakuona ngati wopanda khalidwe ndipo mbiri imayenda msanga pakati pa oimba. Chimodzimodzi mu Rigoletto, kumapeto kwa Sì, vendetta, sopulano amakonda kuikapo E flat ndipo baritoni A flat, zonse zosalembedwa, nde amapangana kaye kuti uyamba ndiwe ine ndibwera pambuyo.

Mwina mwana wanuyo anamva za Callas ku Mexico City. Mu 1950 ankaimba Aida ku Palacio de Bellas Artes ndipo kumapeto kwa gawo lachiwiri, pomwe kwaya yonse, oimba onse ndi malipenga zikulira limodzi, iye anaponya E flat pamwamba pa onsewo. Nkhani imati tena Kurt Baum ankagwira manoti ake motalika mopitirira zomwe anagwirizana, anzake zinawakwana, nde Callas anachita zimenezi atauza wotsogolera ndi ena mwa oimba anzake, Baum yekha ndi amene sanauzidwe ndipo anakwiya kwambiri. Chaka chotsatira, 1951, anabwerezanso ali ndi Del Monaco ndipo zojambula zake zilipo, mukamvera mudzamva holo ikuphulika. Nzosangalatsa kumva, sindikana, koma onani kuti ngakhale pamenepo akuti wotsogolera ankadziwa. Komanso E flat ameneyu ine sindimuona ngati woyenera pa nkhani ya seweroli, Aida pamenepo ndi kapolo amene mtima wasweka chifukwa Radamès wapatsidwa Amneris, si iye wopambana pa bwalolo.

Nde kwa sopulano wanuyo chitani chonchi. Muuzeni abweretse notiyo pa pulakatisi, aiimbe kwaya yonse ikumva, inu muone pa kiyibodi ngati ili mu kodi yomaliza, doh, mi kapena soh. Ngati ilimo, ndipo akuitulutsa bwino maulendo onse osati mwa apo ndi apo, ndipo mawu a nyimboyo ndi achikondwerero, mpatseni, musankhe nyimbo imodzi kapena ziwiri ndipo mupangane kuti asiya pomwe dzanja lanu latseka. Pa nyimbo ya maliro kapena ya mgonero ayi. Mumuuzenso kuti tsiku limene wadzuka mawu atasasa akutsineni khutu musanayambe kuti lero sindikwera, a opera amachita zomwezo ndi wotsogolera wawo kuseri nsalu isanatsegulidwe. Akakana kubwera nayo pa pulakatisi ndiye kuti pa tsiku la anthu asaiimbe.

FUNSO: Mwachidule amalume, ma C 9 a Pavarotti aja onse ndi olembedwa? Ndine wophunzira, Zomba.

YANKHO: Mphwanga, mu Ah! mes amis ya mu La fille du régiment Donizetti analemba 8, wachi 9 uja wa kumapeto amene amagwiridwa motalika ndi wa mwambo chabe. Pavarotti anaimba ku Covent Garden ku London mu 1966 ndi ku Metropolitan Opera ku New York mu 1972 ali ndi Sutherland, ndipo kuyambira pamenepo tena amene wasiya wachi 9 anthu amaona ngati wawabera tikiti. Flórez anaimba nyimbo yomweyi ku La Scala mu 2007, anthu anaomba m'manja osaleka mpaka anaibwereza yonse, chinthu chomwe woimba payekha anali asanachite m'holo imeneyo kuyambira 1933. Ngati mukuiphunzira musayambe ndi kulimbana ndi wachi 9, yambani ndi 8 olembedwawo, amabwera awiriawiri modumpha octave, kuchoka pa doh kufika pa doh wa pamwamba, ndipo amafuna kupepuka osati kukankha ndi khosi. Mukamva kukhosi kukuwawa siyani tsiku limenelo, mupeze mphunzitsi akumvereni musanapitirize.