Funsani Makaniko: Batire Likamangotha Moto

Funso: Zikomo a makaniko. Toyota Probox yanga ikagona usiku umodzi wokha, m'mawa imangoti tcha tcha tcha, osalira. Ndinagula batire latsopano miyezi iwiri yapitayo koma vuto likadalipo. Kodi anandigulitsa lachinyengo? — Bambo a ku Lilongwe

Yankho: Bambo, musagulenso lina musanayeze. Mabatire ambiri amatayidwa osalakwa. Pezani mita yoyezera magetsi, ija amati multimeter, muyiike pa DC 20V.

Yezani pamitu ya batire m'mawa injini isanalire. Batire lodzaza limaonetsa 12.6V. Likaonetsa 12.2V lili theka, ndipo pansi pa 12.0V ndiye kuti latheratu moto. Kenako wina alize galimoto inu maso ali pa mita: nambala isatsike kupyola 9.6V. Injini ikalira, muyenera kuona pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Yatsani nyali zazikulu ndi fani, mupondeko mafuta pang'ono. Nambala ikakhala pansi pa 13V, alitaneta, chipangizo chodzaza batire injini ikamalira, sikutchaja mokwanira.

Zonsezi zikakhala bwino, pali chinthu chimene chikuba moto usiku. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko. Masulani waya wa negativu, muike mita pa 10A ndipo muilumikize pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Dikirani mphindi 20 kuti kompyuta ya galimoto igone. Moto wotuluka usapitirire 0.05A. Ukapitirira, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa, ndipo wakubayo ali pa fyuzi imeneyo. Kawirikawiri imakhala wailesi kapena alamu yoikidwa pambuyo pake, mawaya ake ongopotokola n'kukulunga tepi, kapenanso kanyali ka kubuti kosazima. Mafyuzi onse akapanda kusintha kanthu, masulani waya wamkulu wa pa alitaneta, chifukwa dayodi, kachipangizo ka mu alitaneta kolola moto kupita mbali imodzi yokha, ikapsa imabweza moto cham'mbuyo. Chonde musalize injini mita ili pakati pa waya ndi mutu wa batire, mitayo ipsa.

Funso: Kanyali kofiira ka batire kakumayaka ndikamayenda. Wokonza wina anazula waya wa batire injini ikulira, ndipo poona kuti sinazime anati alitaneta ili bwino. Ndikhulupirire? — Mayi a ku Zomba

Yankho: Mayi, njira imeneyo musadzailolenso pa galimoto yanu. Batire ndi limene limaletsa magetsi kulumpha. Mukalichotsa injini ikulira, moto ukhoza kukwera mwadzidzidzi n'kuwotcha kompyuta kapena madayodi. Komanso siitsimikiza kanthu, poti alitaneta yofooka ikhoza kuliza injini koma n'kulephera kudzaza batire.

Yambani ndi lamba. Akakhala wokhwepa, wong'aluka kapena akamalira mukangoliza injini, alitaneta sizungulira mokwanira. Lambayo akaduka muli pa msewu imani, chifukwa pa magalimoto ambiri ndi yemweyo amene amazunguzanso pampu ya madzi, ndipo injini itentha.

Onaninso mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira uja umatchinga moto. Tsukani ndi supuni imodzi ya soda wophikira m'kapu ya madzi, mupukute, mumange zolimba, kenako mupake girisi pang'ono. Waya wa ethi, wolumikiza negativu ku chitsulo cha galimoto, nawo musaudumphe: injini ikulira ndi nyali zili choyaka, mita isaonetse kuposa 0.2V pakati pa mutu wa negativu ndi chitsulo cha injini.

Kanyali kakamayaka n'kumazima, makamaka pa galimoto yoyenda kale mtunda wautali, nthawi zambiri amakhala mabulashi a mu alitaneta amene atha. Amenewa amasinthidwa paokha, simufunika alitaneta yonse. Ikani mita pa AC pamitu ya batire injini ikulira, ndipo ikaonetsa kuposa 0.5V, madayodi apita. Koma mukaona kuposa 15V pa DC, batire likufufuma kapena kununkha ngati mazira oola, regyuleta, imene imaletsa magetsi a alitaneta kukwera mopitirira, yafa ndipo ikuphika batirelo. Pamenepo galimoto isayendenso mpaka regyuletayo itasinthidwa.