Mbendera zitatu za ku Denmark: yeniyeni ndi iti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sekondale amene amaphunzitsa mbiri yakale. Ana a m'kalasi mwawo anaonera pa foni kanema wa tsiku limene Frederik X analowa ufumu ku Copenhagen, likulu la Denmark, pa 14 Januwale 2024, ndipo anaonamo mbendera zitatu zosiyana. Khamu la anthu linanyamula yofiira ya mtanda woyera, yamakona anayi. Padenga la nyumba za boma panali ina yooneka ngati yadulidwa kumapeto n'kutsala michira iwiri. Ndiye panalinso ina ya michira iwiri yomweyo, koma yokhala ndi chithunzi pakati. Funso lawo linali lakuti: "Kodi mbendera yeniyeni ya dzikolo ndi iti? Nanga zoti inachita kugwa kuchokera kumwamba n'zoona?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, ndipo ana anuwo ali ndi maso. Yankho lalifupi n'lakuti zonse zitatuzo ndi mbendera imodzi, dzina lake Dannebrog. Chimene chimasintha ndi kadulidwe ka nsalu ndi zimene aika pakati, ndipo zimenezo zimakuuzani amene waikweza: munthu wamba, boma, asilikali kapena a banja lachifumu. Koma poti mwafunsa za kumwamba, tiyambire komweko, chifukwa ndi kumene ana angatchere khutu.

Nkhani imene mwana aliyense wa ku Denmark amaidziwa imati pa 15 Juni 1219, Mfumu Valdemar II anali pa nkhondo ku Lyndanisse, malo amene lero ndi mzinda wa Tallinn, likulu la dziko la Estonia. Anapitako kukagonjetsa anthu a kumeneko, amene pa nthawiyo anali asanalowe Chikhristu. Madzulo ena eni dziko anawathira nkhondo modzidzimutsa, ndipo zinthu zinawavuta asilikali a Valdemar. Bishopu wamkulu, Anders Sunesen, anaima paphiri akupemphera atakweza manja. Manja ali m'mwamba, a ku Denmark ankapambana. Akatopa n'kuwatsitsa, ankagonja, mpaka anzake anachita kumugwirira mikono. Kenaka nsalu yofiira ya mtanda woyera inatsika kuchokera kumitambo, asilikali analimba mtima, nkhondo n'kuipambana.

Amene munakulira ku Sande sukulu mwazindikira kale kuti nkhani ya manjayi ikufanana ndi ya Mose, Aroni ndi Huri pa nkhondo yolimbana ndi Aamaleki. Nkhondo ya ku Lyndanisse inachitikadi, ndipo Denmark inalamulira kumpoto kwa Estonia mpaka 1346 pamene inagulitsa deralo. Koma za mbendera yogwa kumwambazo zinalembedwa koyamba patapita zaka pafupifupi 300, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo mmodzi mwa alembi oyambawo anaika chozizwitsacho pa nkhondo ina ya mu 1208, pa malo otchedwa Fellin. Chithunzi chakale chosakayikitsa cha mbenderayi chili m'buku la zizindikiro za mafumu la m'zaka za m'ma 1300, ndipo chikuionetsa pambali pa chizindikiro cha mfumu ya Denmark. Choncho anawo muwauze kuti ndi nthano, koma nthano imene eni ake sachita nayo manyazi. Chaka chilichonse pa 15 Juni amakweza mbendera pokumbukira tsikulo, limene amalitcha Valdemarsdag, ndipo mu 2019, pokwanitsa zaka 800, Mfumukazi Margrethe II anapita ku Tallinn komweko kukachita nawo mwambo.

Ngakhale titachotsapo nthanoyo, ukalamba wa mbenderayi ndi wosatsutsika. A Guinness World Records amaiwerenga ngati mbendera ya dziko yakale kuposa zonse imene yakhala ikugwira ntchito mosalekeza. Ndi iyonso imene mtanda wake wopendekera kumlongoti unatengeredwa ndi mayiko oyandikana nawo: Sweden, Norway, Finland ndi Iceland.

Tsopano kwa zitatu zija.

Yamakona anayi ndi ya aliyense. Miyeso yake inakhazikitsidwa mu 1748, poyamba ngati mbendera ya sitima zamalonda. Mukagawa msinkhu wake m'magawo 28, mtanda umatenga magawo 4, ndipo zigawo ziwiri zofiira za kumlongoti zimakhala 12 kwa 12 chilichonse. M'litali imakhala magawo 34 mpaka 37. Ana akamajambula, cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'kuika mtanda pakati penipeni. Ukatero wayandikira mbendera ya Switzerland kapena ya gulu lina, osati ya Denmark.

Ya michira iwiri, yonga mchira wa namzeze, amaitcha splitflag. Imeneyi ndi ya boma ndi ya mfumu. Mudzaiona pa nyumba za maunduna, kumalo a asilikali, ndi pa Christiansborg, nyumba imene muli Nyumba ya Malamulo, ofesi ya nduna yaikulu ndi khoti lalikulu. Munthu wamba saloledwa kuikweza pakhomo pake ngakhale ataigula ndi ndalama zake. Mabungwe ena amapatsidwa chilolezo chapadera, ndipo eni maboti oyendera kokasangalala amaloledwa kuika ya michira iwiri yokhala ndi zilembo Y.F. pakona yakumwamba. Zilembo ziwirizo zili ngati kunena kuti: musandiyese sitima ya boma.

Asilikali apamadzi ali ndi yawo, orlogsflag. Kadulidwe n'komweko, koma kufiira kwake n'koderako, ndipo mukaziika pamodzi kusiyanako kumaoneka. Akuluakulu a asilikali apamadzi amakweza mbendera yomweyi yokhala ndi nyenyezi zoyera, ndipo kuchuluka kwa nyenyezi kumasonyeza udindo wa amene ali m'sitimamo. Asilikali apamtunda nawo ali ndi mbendera za magulu awo, zimene amanyamula paperete. Maziko ake ndi Dannebrog yomweyo, kungoti nthambi za mtanda zimatambasuka kumapeto, ndipo pamakhala zilembo za dzina la mfumu ndi zizindikiro za gululo. Gulu lodziwika kwambiri ndi la alonda a mfumu, Den Kongelige Livgarde, limene linakhazikitsidwa mu 1658, aja ovala zipewa zazitali zaubweya wakuda. Tsiku lililonse masana, 12 koloko, amasinthana ulonda pa bwalo la Amalienborg, kunyumba ya mfumu ku Copenhagen. Mfumu ikakhala kuti ilipo panyumbapo, amabwera ndi bandi komanso mbendera ya gulu lawo.

Yachitatu, ya chithunzi pakati ija, ndi mbendera ya mfumu. Ndi ya michira iwiri, koma pamene nthambi za mtanda zimakumana pali bwalo loyera lamakona anayi, ndipo m'menemo ndi mmene muli chizindikiro cha ufumu. Ntchito yake n'chimodzimodzi ndi mbendera ya mtsogoleri wa dziko kwathu kuno, ija imauluka pa galimoto yake: imanena kuti mwini wake ali pano. Ku Amalienborg kuli nyumba zachifumu zinayi zoyang'anizana, ndipo anthu odutsa amangoyang'ana padenga kuti adziwe amene ali pakhomo. Mfumukazi Mary, Kalonga Christian amene ndi mlowam'malo, ndi Mfumukazi Margrethe amene anatula pansi ufumu atalamulira zaka 52, aliyense ali ndi yake, yosiyana pa zimene zili m'bwalo loyeralo. Ngakhale sitima ya banja lachifumu, imene inayamba ntchito mu 1932, dzina lake ndi Dannebrog.

Pano pali kanthu kamene mungawadabwitse nako anawo. Mbendera ya mfumu imene anaiona mu kanema wa Januwale 2024 siinso imene ikuuluka lero. Mu Disembala 2024 Frederik X anasintha chizindikiro cha ufumu. Mikango itatu yabuluu ndi mitima 9 yofiira, zimene ndi chizindikiro cha Denmark kuyambira kalekale, zinakhala pamalo pake. Mikango iwiri ya dera la Schleswig, kumalire a Denmark ndi Germany, inatsalanso. Koma anachotsa zisoti zachifumu zitatu zimene zinkakumbutsa mgwirizano wa Kalmar, umene unaika Denmark, Norway ndi Sweden pansi pa mfumu imodzi kuyambira 1397 mpaka 1523. Mgwirizano unatha zaka 500 zapitazo koma zisoti zinali zikadalipo! Malo amene anapezekawo anawapereka kwa chimbalangondo choyera cha Greenland ndi nkhosa yamphongo ya zilumba za Faroe, zimene kale zinkapanikizana m'chigawo chimodzi. Tsopano chilichonse chili ndi chigawo chake. Ine ndimaona kuti pamenepa panalibe za kukongoletsa chabe: nkhani ya tsogolo la Greenland inali itatentha kale, ndipo mfumu imene mwambo suilola kuyankhula zandale inayankhulira pansalu. Mukayang'anitsitsa chizindikirocho mupezanso tcheni cha tinjovu, cha ulemu wapamwamba kwambiri m'dzikolo, pamene njovu kumeneko amangozionera kumalo osungira nyama.

Greenland ndi Faroe, dziwaninso, ali mu ufumu wa Denmark koma ali ndi mbendera zawo. Ya Faroe, Merkið, inajambulidwa ndi ophunzira a kuzilumbako ali ku Copenhagen mu 1919, ndipo inayamba kuvomerezeka pa 25 Epulo 1940, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene Denmark inali m'manja mwa Germany ndipo zilumbazo zinali m'manja mwa Britain. Ya Greenland, Erfalasorput, inabwera mu 1985. Ili ndi kufiira ndi kuyera kwa Dannebrog, koma mtanda palibe. Pali chozungulira chooneka ngati dzuwa pamwamba pa madzi oundana.

Komabe, Aphunzitsi, mukandifunsa ine, yokoma kuikamba m'kalasi si ya mfumu kapena ya asilikali ayi, koma yamakona anayi ija. Kwa zaka mazana ambiri Dannebrog inali ya mfumu, ya nkhondo ndi ya sitima. Anthu wamba atayamba kuikweza okha, boma linawaletsa mu 1834. Koma pa nkhondo yolimbirana dera la Schleswig, imene inayamba mu 1848, anthu anaikweza paliponse polandira asilikali awo osasamala za lamulo, ndipo mu 1854 boma linagonja n'kuchotsa chiletsocho. Mu 1864 Denmark inaluza Schleswig, ndipo anthu olankhula Chidanishi amene anatsalira pansi pa ulamuliro wa Prussia, ufumu wa Chijeremani, analetsedwanso kuikweza. Nkhani imakambidwa kuti alimi ena anayamba kuweta nkhumba zofiirira zokhala ndi mzere woyera paphewa, kuti mbendera yawo iziyendayenda pabwalo popanda wapolisi wonenapo kanthu. Mtundu wa nkhumbawo ulipo mpaka lero. Kumpoto kwa Schleswig kunabwerera ku Denmark mu 1920 anthu atavota.

Mwina n'chifukwa chake lero mbenderayi analowa nayo m'nyumba mpaka kukhitchini. Mwana akamakumbukira tsiku lobadwa, timbendera timabayidwa pa keke ndipo ina imaimikidwa patebulo. Pa Khirisimasi amakoleka timbendera pamtengo. Wachibale akamabwera kuchokera kunja, abale amakamuchingamira ku bwalo la ndege la Kastrup timbendera tili m'manja. Eni masitolo amatiika pawindo akatsitsa mitengo. Ochemerera timu ya mpira, ija inadabwitsa anthu potenga chikho cha ku Ulaya mu 1992 italowa mumpikisano m'malo mwa Yugoslavia, amadzipenta mtanda kumaso. Mlendo angaganize kuti kuli chisankho, pamene ndi agogo chabe akwanitsa zaka 80.

Kuzolowerana kumeneku sikuchotsa mwambo. Mbendera imakwezedwa 8 koloko m'mawa, kapena dzuwa likatuluka ngati lachedwa monga limachitira m'nyengo yozizira, ndipo imatsitsidwa dzuwa likamalowa. Woiiwala pamlongoti usiku amamunena kuti akukwezera mdyerekezi. Amene safuna mlongoti wake ukhale wopanda kanthu amakweza kansalu kakatali kopyapyala kotchedwa vimpel, kamene kamaloledwa kugona panja. Mbendera siyenera kukhudza pansi, ndipo ikatha ntchito amaiwotcha mwaulemu. Pa 9 Epulo, tsiku limene Germany inalowa m'dzikolo mu 1940, imaima pakati pa mlongoti mpaka masana kenaka n'kukwezedwa pamwamba. Lachisanu Loyera imakhala pakatipo tsiku lonse. Pa 5 Meyi amakumbukira kumasulidwa kwa mu 1945, pa 5 Juni malamulo a dziko a mu 1849, ndipo pa 5 Seputembala amalemekeza asilikali ndi ena amene anatumizidwa kukagwira ntchito kunja.

Ana anu akafunsa ngati mbenderayi inafikako ku Africa, ayankheni kuti inde, ndipo musabise chimene inabwerera. Inauluka pa linga la Christiansborg ku Osu, mu mzinda wa Accra ku Ghana, ndi pa malinga ena a m'mphepete mwa nyanja kumeneko, mmene ankasungiramo anthu ogwidwa ukapolo asanawakweze sitima kupita ku zilumba za St. Thomas, St. John ndi St. Croix kukalima nzimbe. Malinga a ku Ghana anagulitsidwa kwa Britain mu 1850. Zilumba zitatuzo zinagulitsidwa kwa United States, ndipo Dannebrog inatsitsidwa kumeneko komaliza pa 31 Malichi 1917.

Pa ntchito ya m'kalasi, ine ndikanawapatsa anawo pepala ndi choko chofiira kuti ajambule yamakona anayi potsata miyeso ija ya 12, 4 ndi 12. Akamaliza, adule kumapeto kuti patsale michira iwiri, ndiye muwafunse kuti tsopano yasanduka ya ndani. Kenaka amate kapepala koyera pakati pa mtanda, muwafunsenso.