Funsani Tikuyankheni: Za Darwin Núñez ndi ndalama za majezi a Liverpool

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndakhala ndikusapota Liverpool kuyambira ndili mwana, ndipo mpira wa ku England timaonera pagolosale ina kwathu kuno pamodzi ndi anzanga a matimu osiyanasiyana. Chichokereni Darwin Núñez kupita ku Al-Hilal ya ku Saudi Arabia, mkangano wokhudza iyeyu sunathe. Mnzanga wina wa Manchester City amati tinagula mphaka m'thumba, pamene mlamu wanga, amenenso ndi wa Liverpool, amati timu sinaluze kanthu chifukwa ndalama zonse zinabwerera kudzera m'majezi a dzina lake amene anagulidwa padziko lonse. Kodi Núñez analepheradi, nanga ndi zoona kuti majezi amabweza ndalama zogulira wosewera?
Wotsatira Liverpool, Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Achimwene, ndiyambe ndi alamu anuwo, pakuti mlandu wawo ndi wosavuta kuweruza, ndipo mukawauze mwaulemu kuti sakunena zoona. Jezi imene imapachikidwa m'sitolo ndi katundu wa kampani imene yaisoka. Kampaniyo imalipira timu ndalama yokhazikika chaka ndi chaka kuti ipatsidwe ufulu wosoka ndi kugulitsa, ndipo pa jezi iliyonse imene yagulidwa timu imangolandira kagawo. Za Liverpool zimadziwika bwino kuposa za matimu ambiri chifukwa zinakambidwa poyera m'khoti. Mu 2019 kampani ya New Balance, imene inkaveka timuyi kuyambira 2015, inakasuma kukhoti lalikulu ku London pofuna kuletsa Liverpool kusamukira ku Nike, ponena kuti mgwirizano wawo unkailola kupitiriza ngati ingafanane ndi zimene wopikisana nayo walonjeza. Kumeneko kunamveka kuti Nike inalonjeza mapaundi 30 miliyoni pachaka, kuwonjezera apo 20 peresenti ya ndalama za katundu wogulitsidwa, masitolo 6,000 padziko lonse, komanso kutsatsa katundu wa timuyi pogwiritsa ntchito akatswiri otchuka kunja kwa mpira wamiyendo monga LeBron James ndi Serena Williams. Mu Okutobala chaka chomwecho woweruza anagamula mokomera Liverpool, makamaka chifukwa New Balance sinafanane ndi lonjezo la akatswiriwo.

Tsopano tengani cholembera. Liverpool inagula Núñez ku Benfica ya ku Portugal mu Juni 2022 pamtengo woyambira wa mapaundi 64 miliyoni, umene ukanatha kukwera mpaka 85 miliyoni malinga ndi mmene iye ndi timu angachitire. Tiyerekeze kuti jezi imodzi ndi mapaundi 75, ndipo tiwerengere mowolowa manja kuti timu ikulandira 20 peresenti ya mtengo wonsewo, kutanthauza mapaundi 15. Kuti mtengo woyambira wokhawo ubwerere, pakufunika majezi oposa 4 miliyoni, osawerengera malipiro a wosewerayo a sabata ndi sabata. Chinanso chimene alamu anu aiwala ndi chakuti majeziwo ayenera kukhala owonjezera. Sapota amene akanagula jezi ya Salah koma wasankha ya Núñez sanawonjezere kanthu m'thumba la timu, wangosintha dzina la kumsana. Ndipo majezi amene timagula kwa mavenda mumsika wa Limbe kapena pakaunjika, kaya akhale okongola chotani, sapereka ngakhale tambala ku Anfield, bwalo la Liverpool.

Funso lanu loyamba ndilo lovuta, chifukwa mnzanu wa City ali ndi poyambira. Núñez ndi Erling Haaland wa Manchester City anafika ku England nyengo imodzi, ndipo Núñez atamwetsa chigoli pamene Liverpool inagonjetsa City 3-1 mu Community Shield, masewero otsegulira sizoni, kumapeto kwa Julayi 2022, ambiri anaganiza kuti awiriwa apikisana kwa zaka. Sizinatero ayi. Haaland anamaliza sizoni imeneyo ndi zigoli 36 mu ligi, pamene Núñez, amene anapatsidwa khadi yofiira pamasewero ake oyamba a ligi pa Anfield atagunda ndi mutu Joachim Andersen wa Crystal Palace, anamaliza ndi 9. Sizoni yotsatira anamwetsa 11, yomaliza 5, ndipo m'mipikisano yonse anachoka ndi zigoli 40 m'masewero 143. Kwa munthu amene anamwetsa zigoli 34 m'sizoni yake yomaliza ku Benfica, chiwerengero chimenechi ndi chochepa, ndipo palibe chifukwa chobisira.

Komabe mawu akuti mphaka m'thumba sindigwirizana nawo. Wosewera kutsogolo amene walepheradi ndi amene sapezeka pamene mpira ukugwera, amene masewero amatha otchinga kumbuyo osatuluka thukuta. Núñez sanali wotere. Mu sizoni ya 2023/24 iye ndi Haaland ndiwo anali pamwamba pa mndandanda wa osewera amene anaphonya mipata yoonekeratu mu ligi, ndipo Haaland ndiye anaphonya yambiri, koma anatenga mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi zigoli 27. Kuphonya kwambiri kumasonyeza kuti munthu akufika pamalo oyenera kawirikawiri, ndipo kusiyana kwa awiriwa kunali pa zimene phazi limachita mpira ukafika. Amene anaonera masewero a pa 31 Januwale 2024, pamene Liverpool inathambitsa Chelsea 4-1, anaona Núñez yense mmene alili mu mphindi 90. Anathamanga usiku wonse, anapatsira Luis Díaz chigoli chachinayi, koma mipira yake inagunda chitsulo cha golo kanayi, umodzi mwa iyo uli penate, chinthu chimene sichinachitikepo kwa wosewera mmodzi m'masewero amodzi a Premier League chiyambire kusunga ziwerengero zotere. Tsiku ngati limenelo wosapota sadziwa ngati aombe m'manja kapena agwire kumutu.

Panalinso masiku amene phazi linkamvera. Mu Ogasiti 2023 ku Newcastle, Liverpool ili kumbuyo 1-0 komanso ili ndi osewera 10 Virgil van Dijk atatulutsidwa, Núñez anachokera pabenchi ndi kumwetsa zigoli ziwiri zofanana ngati mapasa, mipira yapansi yodutsa goloboyi Nick Pope kukalowa kumbali ya kutali, chachiwiricho m'nthawi yowonjezera. Mu Januwale 2025 anachitanso chimodzimodzi ku Brentford, zigoli ziwiri m'nthawi yowonjezera pamasewero amene ankaoneka kuti athera 0-0, ndipo mapointi amenewo anathandiza kuti timu itenge chikho chake cha ligi cha 20. Muone kuti zigoli zake zokumbukika zinkabwera pamene analibe nthawi yoganiza. Akapatsidwa mpata woyang'ana goloboyi ndi kusankha, mpamene zinkasokonekera, monga zinachitikira ku Aston Villa mu Febuluwale 2025 pamene Dominik Szoboszlai anamupatsira mpira golo lili pululu iye ndi kuumenyera kumwamba. Mphunzitsi Arne Slot ananena pambuyo pake kuti kuphonyako akanatha kukulandira, koma chimene sanakondwere nacho ndi kufooka kwa mnyamatayo pantchito ataphonya.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi masapota ambiri amene amakonda mawu akuti fomu. Fomu ndi chinthu cha miyezi, chimabwera ndi kupita. Tinaziona kwa Gabadinho Mhango, amene anamwetsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu sizoni ya 2019/20 ndi kugawana mphoto ndi Peter Shalulile, kenaka anayamba kusowa malo m'timu, koma atavala jezi ya Flames pa mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon mu Januwale 2022 anamwetsa ziwiri pogonjetsa Zimbabwe ndi china chija cha kutali chimene chinadabwitsa goloboyi wa Morocco. Za Núñez zinali zina. Munthu akachita zofanana masizoni atatu, pansi pa aphunzitsi awiri, Jürgen Klopp ndi Slot, tisanenenso kuti fomu yamuthawa, koma kuti umo ndi mmene alili: wothamanga, wamphamvu, wosatopa, wogwa mu ofusayidi kawirikawiri, ndiponso wopupuluma pamaso pa golo. Akanagulidwa pa theka la mtengowo, bwenzi mnzanu wa City alibe chonena. Cholakwa chachikulu chinali mtengo, ndipo mtengo sanauike ndi iye.

FUNSO: A Mkonzi, chaka chatha ndinagulira mwana wanga jezi ya Liverpool yolembedwa Núñez ndi nambala 9 kumsana. Jeziyo idakali yabwino, koma mwanayo akukana kuivala, akuti anzake akumuseka chifukwa wosewerayo anachoka komanso timu inasintha jezi. Kodi matimu amenewa amasinthiranji jezi chaka chilichonse, nanga ndichite chiyani kuti ndisamangotaya ndalama?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, kusinthako ndi malonda, ndipo kumachokera pa mgwirizano umene ndafotokoza pamwambapa. Kampani imene yalipira timu mamiliyoni isanagulitse jezi ngakhale imodzi imafuna kubweza ndalama zake, ndipo njira yake ndi kupangitsa kuti jezi ya chaka chatha ioneke yakale. Ndiye chifukwa chake matimu akuluakulu amatulutsa majezi atatu sizoni iliyonse, yapakhomo, yakoyenda ndi yachitatu, ndipo yachitatuyo nthawi zambiri imakhala ya mtundu umene sugwirizana ndi mbiri ya timu, chifukwa imasokedwera munthu woivala mumsewu kuposa wosewera m'bwalo. Kale jezi yapakhomo inkatha masizoni awiri. Timu ya Brentford inayesa kubwezeretsa mwambowu pamene inalengeza mu 2021 kuti jezi yake yapakhomo idzagwiranso ntchito sizoni yotsatira pofuna kupeputsira masapota, koma matimu akuluakulu sanatsatire.

Mwana wanu wakumana ndi kusintha kuwiri nthawi imodzi. Mgwirizano wa Nike unatha kumapeto kwa Julayi 2025, moti timuyi inasewera masewero okonzekera sizoni ku Asia itavala jezi yakale, ndipo pa 1 Ogasiti inatulukira m'zovala za Adidas, kampani imene inavekapo Liverpool kuyambira 1985 mpaka 1996 komanso kuyambira 2006 mpaka 2012. M'mwezi womwewo Núñez anapita ku Saudi Arabia, ndipo nambala 9 inapatsidwa kwa Alexander Isak, amene anagulidwa ku Newcastle pamtengo wa mapaundi 125 miliyoni. Dzina ndi nambala zimalipiridwa padera, ndipo wosewera akachoka kapena kusintha nambala palibe lamulo lokakamiza sitolo kubweza ndalama. Núñez yemweyo anavala 27 m'sizoni yake yoyamba asanatenge 9 Roberto Firmino atachoka, choncho pali ena amene anaonongekedwa kawiri ndi munthu mmodzi.

Langizo langa ndi lakuti jeziyo musaitaye. Ngati ndi ya sizoni ya 2024/25, mumuuze mwanayo kuti wavala jezi imene timu yake inatengera ligi, ndipo anzake omusekawo sangaigulenso m'sitolo. Mukadzagula ina, gulani yopanda dzina kumsana, pakuti baji ya pachifuwa sisamuka mu Ogasiti. Pochapa muziitembenuza kunja kukhale mkati, musaipikite pamwala, ndipo simbi isakhudze manambala, chifukwa ndi omata ndipo akatentha amakwinyika ndi kuyamba kusupuka m'mphepete. Ngati mwanayo ali ndi timu yakuno imene amaikonda, jezi yogulidwa kwa eni timuyo ndi imene ndalama yake imafika kumene mukuifuna, pakuti matimu athu amadalira kwambiri owathandiza, moti wothandizayo salekera pachifuwa cha jezi koma amalowa m'dzina lenilenilo. Akuluakulu amakumbukira Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers, pamene achinyamata akudziwa FCB Nyasa Big Bullets ndipo amakumbukira Mighty Mukuru Wanderers.

FUNSO: Ena amati Núñez ankaseweretsedwa mokakamiza chifukwa makampani a majezi safuna kuti wosewera wodula akhale pabenchi. Kodi zimenezi zimachitika?
Mphunzitsi wa sukulu, Mzuzu

YANKHO: Aphunzitsi, pankhani ya Núñez umboni ukutsutsa zimenezi. Mu sizoni imene Liverpool inatenga ligi, iye anayamba masewero a ligi osafika 10 mwa 38, ndipo Slot ankakonda kuika pakati kutsogolo Diogo Jota kapena Luis Díaz, amene kwenikweni ndi wosewera kumbali. Kampani ya majezi imapindula kwambiri timu ikamapambana kuposa pamene munthu mmodzi akuoneka pakanema, pakuti chikho ndicho chimagulitsa majezi a mayina onse. Mphamvu za otsatsa malonda zimaonekera kwina, monga pa maulendo okonzekera sizoni a ku America ndi ku Asia, pa tsiku lotulutsira jezi, ndi pa nkhope zimene zimasankhidwa kujambulidwa pazikwangwani. Chimene chimatha kukakamiza mphunzitsi ndi mtengo umene akuluakulu a timu analipira, chifukwa wosewera wodula akakhalitsa pabenchi mtengo wake pamsika umatsika. Al-Hilal inalipira pafupifupi mayuro 53 miliyoni mu Ogasiti 2025, poyerekeza ndi mayuro 75 miliyoni (mapaundi 64 miliyoni aja) amene Liverpool inayambira kulipira ku Benfica zaka zitatu m'mbuyomo.